Madera atsopano a Lilongwe: malo a msewu apezeke kaye, tala abwera pambuyo

Mukafunsa munthu amene wangolowa kumene m'nyumba yake ku Airwing, ku Chitipi, ku Six Miles kapena kuseri kwa Area 25 kuti khonsolo imuchitire chiyani, sachedwa kuyankha: tala. Ndipo m'pomveka. Mu Okutobala fumbi limalowa mpaka m'kabati ya mbale, mu Januwale minibasi zimathera kumsewu waukulu, wakabaza n'kuwonjeza mtengo chifukwa cha matope. Wina atchula madzi, wina magetsi a mumsewu poopa akuba. Makhansala amamva zomwezi pa kampeni, ndiye nawonso amalonjeza zomwezo.

Koma pa zonse zimene dera lomwe likukula limafuna, tala ndiye wodula kwambiri, komanso ndiye angathe kudikira. Msewu wafumbi womwe unasiyidwa wotakata ukhoza kudzathiridwa tala patapita zaka 10 kapena 20, palibe chotayika. Chimene sichidikira ndi malo enieniwo: a msewu, a ngalande, a sukulu, a msika, a manda. Amenewa akangogulitsidwa n'kumangidwapo nyumba, kuwabweza kwake n'kugumula ndi kulipira chipukuta misozi, ndipo palibe khonsolo m'dziko muno yomwe ili ndi ndalama zoterozo. Ine ndimaona kuti ntchito yoyamba ya khonsolo m'mphepete mwa Lilongwe ndi kupatula malo amenewa nyumba zisanadzaze, yachiwiri ndi kudziwa nyumba zomwe zilipo kuti zizilipira msonkho. Zina zonse zimatsamira pa ziwirizi.

Mzinda unakula kuposa pulani yake

Pamene boma la Kamuzu Banda linkaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, Lilongwe inali tauni yaing'ono ya malonda a fodya ndi mtedza. Kalembera wa 1966 anapezamo anthu osakwana 20,000. Mu 1968 kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation, ngongole inachokera ku South Africa, ntchito yomanga Capital Hill inayamba, ndipo mu 1975 Lilongwe inakhala likulu. Pulani yake inali ya mzinda wotayana, wa mitengo yambiri: Old Town uku, City Centre uko, mafakitale ku Kanengo, pakati pake tchire ndi madambo. Manambala a madera sanatsate kuyandikana kwa malo, n'chifukwa chake mlendo amadabwa kupeza Area 43 yagundana ndi Area 10.

Mu 1977 anthu anali atafika pafupifupi 99,000. Mu 1987 anapitirira 220,000, mu 1998 anali 440,000, mu 2008 pafupifupi 670,000, ndipo kalembera wa 2018 anawerenga anthu 989,318. Awa ndi okhawo a mkati mwa malire a mzinda. Amene amagona ku Chigwirizano kapena ku Njewa n'kumadzukira kuntchito m'tauni anawerengedwa ngati anthu akumudzi.

Pulani yakale ija siinaiwale anthu opeza pang'ono. Kunali madera omwe boma linkayeza mapuloti, kulambula misewu yafumbi, kuika mipopi ya onse, kenako n'kumusiya munthu kuti amange yekha pang'onopang'ono monga thumba lake likumulolera. Area 25 inayamba choncho. Nyumba zoyamba zinali za zidina, koma misewu inali yowongoka ndi yotakata, moti pamene tala, mapaipi ndi mapolo a magetsi zinkabwera, zinapeza podutsa. Yerekezani ndi Mtandire, yemwe wagundana ndi Area 47, kapena Mgona pafupi ndi Kanengo, Kauma ndi Chinsapo, komwe anthu anayamba kumanga woyeza malo asanafike. Anthu ake ndi amodzimodzi, ndalama zawo sizisiyana kwenikweni. Chosiyana n'chakuti kwina zikhomo zinayamba, kwina nyumba zinayamba.

Mapuloti oyezedwa aja analeka kukwanira kalekale. Bungwe lomanga likulu lija linathetsedwa mu 1984, ndipo malo a mumzinda anagawikana pakati pa unduna wa zamalo, Malawi Housing Corporation ndi khonsolo, aliyense ndi kaundula wake ndi mzere wake wa odikira. Lipoti la UN-Habitat, nthambi ya United Nations yoona za malo okhala anthu, linati anthu pafupifupi atatu mwa anayi alionse mu Lilongwe amakhala m'madera osayezedwa. Mu 2010 bungwe la JICA la ku Japan linathandiza kulemba pulani ina ya mzinda yoloza chaka cha 2030. Mapu ake ndi okongola. Koma amene akugawa mzinda wa mawa tsiku ndi tsiku sanawaonepo mapuwo.

Momwe puloti imagulitsidwira

Wogula amafika Loweruka m'mawa ali ndi dobadoba. Mwini munda, kawirikawiri bambo wachikulire kapena mayi amene analandira malowo kwa makolo ake, amaima pachulu n'kuloza: kuyambira pa mtengo wa mango uwo kukafika pa nkhadze apo. Amayeza ndi tepi, pena ndi mapazi, mamita 15 kwa 30, n'kukhoma zikhomo m'mizere ya chimanga.

"Nanga msewu udutsa pati, bambo?" wogula amafunsa.

"Musadandaule achimwene, apa tasiya njira. Galimoto ilowa bwinobwino."

Njirayo ndi ya mamita atatu, mwina anayi. Akatero amapita kwa amfumu, kalata imalembedwa pa pepala la m'kope, mboni zimasaina, chidindo chimamenyedwa, amfumu n'kulandira kangachepe kawo. Wogula akangopeza ndalama amayamba ndi mpanda kuti wina asamulowerere, ndipo pomanga amaukankhira pang'ono kunjira kuja. Woyandikana naye wa tsidya linalo amachitanso chimodzimodzi. Munda wotsatira ndi wa banja lina, lomwe lasiya njira yake pena, yosalumikizana ndi iyi. Pakutha pa zaka zisanu dera lonse ladzaza nyumba zamalata, zina za matailosi ndi mageti amagetsi, koma njira zake n'zokhotakhota, zambiri zimakathera pa mpanda wa munthu.

Palibe woipa pankhaniyi. Mwini munda akufuna fizi ya ana, komanso akuona kuti akachedwa achibale ena agulitsa okha. Mita iliyonse yomwe wasiyira msewu ndi ndalama yotayika kwa iye. Wogula watopa ndi lendi ndipo m'maofesi muja anadikira mpaka kutaya mtima. Amfumu akuchita zomwe mafumu akhala akuchita. Aliyense payekha akuganiza bwino, koma palibe amene udindo wake ndi kuganizira dera lonse, ndipo umenewo ndiwo udindo wa khonsolo.

Zotsatira zake zimadzaoneka mochedwa. A Lilongwe Water Board akafuna kudutsitsa paipi yaikulu amasowa poikumbira. A ESCOM amazika mapolo m'mabwalo a anthu, mawaya n'kumadutsa pamwamba pa madenga. Galimoto yopopa zimbudzi siifika, ya ozimitsa moto imaima patali, mayi woyembekezera amanyamulidwa kukafika pomwe galimoto yathera. Malo a sukulu ya boma palibe amene anawasiya, ndiye ana amayenda mtunda kukadzazana m'sukulu yakale ya mudziwo, yomwe inamangidwira ana a midzi itatu, kapena makolo amalipira tisukulu ta m'nyumba zogona. Manda a mudzi, omwe ankakwanira mbumba imodzi, tsopano akulandira obwera a m'maboma onse, ndipo mikangano ya ndalama zogulira manda imayambira pamenepo. Nkhani ya mandayi anthu amaiseka mpaka tsiku lomwe yawagwera.

Makhonsolo awiri, dera limodzi

Chomwe chimasokoneza kwambiri n'chakuti Lilongwe ili ndi makhonsolo awiri. Pali khonsolo ya mzinda, yokhala ndi meya, ndi khonsolo ya boma la Lilongwe, yomwe ntchito zake amayendetsa bwanamkubwa. Madera ambiri amene akukula mofulumira, monga mbali zambiri za Chigwirizano, Likuni, Njewa ndi Chitedze, ali pansi pa khonsolo ya boma. Khonsolo imeneyi ili ndi anthu oposa 1.6 miliyoni oti iwasamale, kuchokera ku Nsaru mpaka ku Mitundu ndi Nathenje, ndipo inakonzedwa poganizira mijigo, milatho ya kumudzi ndi alangizi a zaulimi. Yangozindikira kuti ili ndi matauni m'manja. Khonsolo ya mzinda, yomwe ili ndi ofesi ya mapulani ndi mainjiniya, mphamvu zake zimathera pa malire. Anthu a kunja kwa malirewo amagwiritsa ntchito misewu ndi misika ya mumzinda tsiku lililonse koma msonkho wa nyumba salipira kumeneko.

Nkhani ya mafumu nayo ili pawiri. Lamulo la mafumu la 1967 silipereka mphamvu kwa mafumu mkati mwa mizinda, komabe ku Mtandire, ku Kauma kapena ku Chinsapo maliro sayenda amfumu kapena abuloko lida asanauzidwe, ndipo kalata ya malo imachokera kwa iwo. Kunja kwa malire, kwa T/A Njewa, Malili, Tsabango kapena Chitukula, mafumu ali ndi mphamvu zawo zonse. Kumadzulo kwa Lilongwe kulinso malo a ndunda, omwe analembetsedwa m'maina a mabanja pa nthawi ya chitukuko cha zaulimi chomwe Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inathandiza kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Kumeneko woimira banja ndiye ali ndi mawu, ndipo milandu ya malo ogulitsidwa kawiri, kapena ogulitsidwa abale ena osadziwa, siisowa.

Malamulo oti athandize alipo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano a malo, omwe anakonzedwanso mu 2022. Lamulo la mapulani linati dziko lonse la Malawi ndi malo ofunika pulani, kutanthauza kuti nawonso munda wa ku Njewa sungagawidwe mapuloti mwachisawawa. Lamulo la malo a makolo linabweretsa makomiti a malo m'midzi. Vuto n'lakuti lamulo lotere limafuna anthu oyenda pansi, oyeza malo, galimoto ndi mafuta, pomwe mapuloti akugulitsidwa Loweruka lililonse.

Ena amati yankho ndi kukuza malire a mzinda. Mwina tsiku lina zidzafunikadi, koma ndi nkhani yotenga zaka, chifukwa mafumu amaopa kutaya ufumu, khonsolo ya boma imaopa kutaya misika yomwe imaipatsa ndalama, eni nyumba amaopa msonkho wa nyumba wa mumzinda, ma city rates. Chomwe chingachitike msanga ndi chakuti makhonsolo awiriwa akhale ndi komiti imodzi ya mapulani ya madera a m'malire, yokhala ndi woyeza malo wake, ndipo mafumu akhalemo.

Komitiyo siyenera kuyamba ndi pulani ya puloti iliyonse, imeneyo singathe mzinda usanadutse. Iyambe ndi misewu ikuluikulu yokha, yotalikirana pafupifupi kilomita imodzi, yotakata mamita 20 kapena 30, yoti minibasi, paipi yaikulu, ngalande ndi mapolo zidzadutsemo. Oyeza ayende ndi mafumu ndi eni minda, azike mabikoni, m'mbali monse mudzalidwe mitengo, giredala idutse kamodzi kuti anthu ayambe kuyendamo. Msewu womwe anthu akuyendamo kale ndi wovuta kuumangapo nyumba kusiyana ndi mzere wa pa mapu. M'kati mwa chigawo chilichonse mupatulidwe malo a sukulu, msika, chipatala chaching'ono ndi bwalo la mpira. Chipukuta misozi chake pa nthawi imeneyi n'cha munda wa chimanga ndi mitengo ingapo. Ndipo eni minda sataya kwenikweni, chifukwa puloti ya m'mbali mwa msewu weniweni imagulidwa mokwera kuposa ya pakati pa tinjira. Mizinda ina ya ku Ethiopia, monga Hawassa ndi Bahir Dar, inayesa njira yotereyi kuyambira cha m'ma 2013, kupatula misewu ikuluikulu m'minda mzinda usanafikeko.

Madzi otsika ndi zimbudzi

Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo mu Lilongwe mawuwa safuna kumasulira. Pulani yoyamba inasiya madambo ndi magombe a Lingadzi, Lilongwe, Nankhaka ndi Mchesi opanda nyumba kuti madzi a mvula azipeza pofikira. Lero m'madambo ambiri muli nyumba, m'mitsinje akukumba mchenga, m'magombe akuumba njerwa. Denga lililonse lamalata ndi bwalo lililonse lasimenti limatumiza kumunsi madzi omwe kale ankalowa pansi. Mu Febuluwale 2017 Lingadzi anasefukira ku Mtandire mpaka ena anapulumutsidwa ndi helikopita ya asilikali. Mu Disembala chaka chomwecho madzi anawononga nyumba ku Kaliyeka, Chipasula, Mchesi ndi Kawale, ndipo anthu anafa.

Apa m'pamene tala wothamangira amapweteka. Msewu wa tala wopanda ngalande zokwanira umasonkhanitsa madzi n'kukawathira m'nyumba za kumunsi, ndipo iwo womwe umayamba kudyeka m'mbali mvula yachiwiri isanathe. Ngalande ilibe ulemu, palibe amene amadula riboni pa khalavati, koma dera lomwe lili ndi misewu yafumbi ya ngalande zabwino limayendeka chaka chonse. Kuletsa kumanga m'dambo nakonso kumatheka pamene muli maziko awiri okha. Mukakhala mabanja 200, nkhaniyo yasanduka ya ndale.

Za zimbudzi ndiye sizikambidwa n'komwe pa kampeni. Pamene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inkavomereza ntchito ya madzi ndi ukhondo ya Lilongwe mu 2017, anthu pafupifupi 5 okha mwa 100 alionse ndiwo anali olumikizidwa ku mapaipi a suweji. Ena onse amadalira zimbudzi zokumba ndi matanki a pansi. Pa puloti ya 15 kwa 30 pomwe pali landilodi ndi mdadada wa nyumba za lendi, chimbudzi chimadzaza msanga ndipo pokumba china palibe. Chitsime chomwe anthu amatunga mipopi ikauma chili mapazi ochepa kuchokera pamenepo, ndipo nthawi ya dzinja madzi a pansi akakwera ziwirizi zimakumana. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Lilongwe inali m'gulu la maboma omwe anakhudzidwa kwambiri, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa.

Mapaipi a suweji sadzafika ku Chitipi posachedwa, tisanamizane. Chomwe khonsolo ingachite ndi kupereka ziphaso kwa opopa zimbudzi, kuphatikizapo a timapampu ta pamanja tomwe timalowa m'tinjira, ndi kuwapezera kokataya kwapafupi. Malo oyeretsera suweji a ku Kauma ali kum'mawa kwa mzinda. Wopopa wochokera kumadzulo akawerengera mafuta opita kumeneko, mtengo umakwera mpaka landilodi amasankha kuitana anyamata usiku kuti akhuthulire m'ngalande.

Madzi a m'mipopi si ntchito ya khonsolo. Ndi a Lilongwe Water Board, omwe amadalira madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la 1966 ndi lachiwiri la 1989, onse omwa madzi ochokera m'nkhalango ya Dzalanyama yomwe makala akuidya. Ntchito yokoka madzi kuchokera kunyanja ku Salima yakambidwa kwa zaka zambiri. Madziwo akadzafika, mbali ya khonsolo idzakhala yomwe ija: msewu wodutsitsa paipi ndi kamalo ka kiyosiki. Zinyalala nazo n'chimodzimodzi. Galimoto za khonsolo sizingafike khomo lililonse n'kukatula kumtaya wa ku Area 38, koma achinyamata a ngolo ndi timakampani tating'ono amatolera kale pa mtengo wapamwezi. Akusowa malo apafupi osonkhanitsira, pomwe zowola zingasanduke manyowa, zotsala galimoto yaikulu n'kudzatenga.

Ndalama zichokera kuti

Khonsolo ya mzinda imadalira kwambiri msonkho wa nyumba ndi malo, uja timati ma city rates, kuwonjezera pa ziphaso za mabizinesi, za m'misika ndi zoimika galimoto. Msonkhowu umawerengedwa potengera mtengo wa nyumba womwe walembedwa m'kaundula, ndipo kaundulayo amayenera kukonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Kulemba akatswiri oti ayese mtengo wa nyumba imodziimodzi n'kodula, choncho kaundula amachedwa, mitengo yake imatsalira kumbuyo pomwe kwacha ikugwa, ndipo nyumba zatsopano sizilowamo. Zotsatira zake, mayi wogulitsa tomato pamsika wa Nsungwi amadula chiphaso tsiku lililonse, wokhometsa ali chiimire pambali pake, pomwe nyumba ya zipinda zisanu yomwe yamangidwa chaka chatha kuseri kwake khonsolo siikuidziwa. Amene ali m'kaundula nawonso ambiri salipira, ndipo m'gulu la angongole mumapezeka maofesi a boma lomwe.

Funsani mwini nyumba chifukwa chake salipira, akuuzani kuti, "Ndilipire chiyani? Zinyalala ndimalipira ndekha, msewu tinasonkherana tokha, alonda ndi athu." Akhonsolo nawo amati sangatumikire dera lomwe silipereka kanthu. Onse akunena zoona, ndipo akhoza kukhala choncho zaka zina 20.

Mzuzu inayesa kutulukamo. Kuyambira cha m'ma 2013 khonsolo ya kumeneko inawerenga nyumba zonse, kuphatikizapo za m'madera osayezedwa, n'kumazipatsa mapointi potengera kukula kwake, mtundu wa khoma ndi denga, ndi msewu womwe zili. Njirayi ndi yotchipa, mwini nyumba amatha kuimvetsa, ndipo nyumba za m'kaundula zinachuluka kangapo. Lero ndi zithunzi za m'mlengalenga ndi mafoni, kuwerenga nyumba kwafewa kwambiri, ndipo kulipira kukhoza kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba m'malo mwa mzere wa ku Civic Offices. Chovuta ndi chikhulupiriro. Ine ndikanakhala pampando ndikanalamula kuti gawo lodziwika la msonkho wa wodi iliyonse lizitsala m'wodi momwemo, ndipo ndalama zolowa ndi zomwe zagwiritsidwa ntchito zizimatidwa pa bolodi pamsika. Munthu akaona khalavati ya pakhomo pake yamangidwa ndi ndalama yake, chaka chamawa savuta.

Kuchokera ku Capital Hill kumabweranso ndalama kudzera ku National Local Government Finance Committee, komiti yoona za chuma cha makhonsolo. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inati makhonsolo azilandira zosachepera 5 peresenti ya ndalama zomwe boma latolera, koma makhonsolo akhala akudandaula chaka ndi chaka kuti zomwe zimafika n'zochepa ndiponso zimachedwa. Misewu ikuluikulu yomwe yasintha maonekedwe a mzinda, monga ya pa Area 18, Kenyatta ndi ya kulowera ku Kanengo, ndi ntchito za boma lalikulu. Zimenezi zimathandiza, koma zimathera pomwe madera atsopano ayambira.

Amene amasankha zoyamba

Dongosolo la makhonsolo lomwe tili nalo ndi la lamulo la 1998. Makhansala oyamba anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka zisankho za 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo ndi zomwe madera ambiri a m'mphepete mwa Lilongwe ankadzaza. Mu 2010 lamulolo linasinthidwa, aphungu anapatsidwa voti m'makhonsolo ndipo mphamvu yosankha mkulu woyendetsa khonsolo inapita kwa nduna. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, lomwe linayamba mu 2006, linakula mpaka K200 miliyoni pa dera pofika 2024. Mu Meyi 2025, pa mlandu womwe linabweretsa bungwe la makhonsolo la MALGA, khothi linagamula kuti kuvota kwa aphungu m'makhonsolo ndi kulamulira kwawo thumbali n'zosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko.

Kaya thumbalo ligwiridwa ndi phungu kapena khansala, onse amayang'ana chisankho chomwe chili patsogolo pawo. Mlatho, buloko ya sukulu ndi shedi ya msika zimaoneka, zimapakidwa penti, zimajambulidwa. Mabikoni a msewu womwe udzafunike mu 2040 sabweretsa voti, ndipo amene angadzapindule nawo ambiri sanasamukire n'komwe m'deralo. N'chifukwa chake ntchito yopatula malo iyenera kukhala ndi mzere wakewake m'bajeti ya khonsolo, wosadikira kuti komiti ya chitukuko ya m'wodi iipemphe, chifukwa siidzaipempha.

M'makomiti amenewa mumakhalanso mpata wina. Amene amafika ku misonkhano ndi eni nyumba, mafumu ndi atsogoleri a mipingo. Alendi, omwe m'madera ngati Mgona ndi Chinsapo ndi ochuluka zedi, saitanidwa kawirikawiri, pomwe ndi iwo amene amaima pamzere wa kiyosiki m'bandakucha ndi kugawana chimbudzi chimodzi mabanja asanu. Mavenda ndi akabaza nawo amakumbukiridwa pa tsiku lowathamangitsa. Chiyambire Operation Dongosolo, ntchito yochotsa mavenda m'misewu, mu 2006 taona kuti msika womangidwa kutali ndi pomwe anthu amatsikira minibasi umakhala wopanda anthu, malonda n'kubwerera m'mbali mwa msewu. Malo a msika ndi siteji ayenera kukhala pamphambano penipeni, ndipo pamphambano m'pomwe pamayamba kugulidwa ndi omanga mashopu ndi malo omwetsera mafuta.

Pali chodandaula chimodzi chomwe ndimachitenga mozama. Dera likangoyezedwa n'kulowa msewu, mitengo ya malo imakwera, msonkho wa nyumba landilodi amaukankhira pa lendi, ndipo osauka amatuluka. Zimachitikadi. Mbali ina yothana nazo ndi kuti nyumba zing'onozing'ono zizilipira kochepa kwambiri kapena osalipira, zazikulu n'kusenza gawo lalikulu. Mbali ina ndi kuleka kukakamira miyezo yomwe ndi ochepa angaikwanitse. Ngati lamulo likuti puloti ikhale yaikulu, pulani ya nyumba ijambulidwe ndi katswiri, ndipo nyumba ithe m'zaka ziwiri, mlonda ndi mayi wogulitsa mandasi sangalowemo. Khonsolo ilole mapuloti ang'onoang'ono, kumanga chipinda chimodzichimodzi, ndi nyumba za lendi kuseri, monga zinalili ku Area 25 poyamba paja. Ikapanda kutero, anthu omwewo akagula kwa mwini munda wina cha ku Mpingu kapena ku Nathenje, komwe woyeza malo sanafike, ndipo njira yake idzakhalanso ya mamita atatu.